Kapitawo wa m'kati mwa makina

Amene anaperekezapo mabelo ku msika wa fodya wa Chinkhoma, ku Kasungu, amadziwa kuti thukuta lonse limathera pa sikelo. Sikelo zambiri zamagetsi zimatumiza makilogalamu ku kompyuta kudzera pa waya wa RS-232, njira yomwe inakhazikitsidwa ku America mu 1960. Pa wayawo manambala sapita chigulu, amadutsa mondondozana, kachidutswa kamodzikamodzi. Liwiro lofala ndi tizidutswa 9,600 pa sekondi, ndipo poti chilembo chimodzi chimatenga tizidutswa 10, pa sekondi pamadutsa zilembo 960.

Ntchito yondondozayi ndi yotopetsa, n'chifukwa chake purosesa, yomwe ndi ubongo wa makina, siigwira yokha. Mu chipi ya MPC860 ya kampani ya Motorola, yomwe inkaikidwa kwambiri m'makina a intaneti ndi a matelefoni, muli kaubongo kena kothandizira kotchedwa CPM, koyang'anira zipata zofika zinayi zotchedwa SCC. Purosesa ndi mwini esiteti, CPM ndi kapitawo, ndipo zipatazo ndi makomo a chigafa potulukira mabelo.

Tsono mwini esiteti ameneyu safuula. Pakhomo pali bolodi limodzi lokha, la dzina loti CPCR. Amalembapo lamulo, natchulanso khomo lomwe akunena, kenako n'kukoleka kansalu kosonyeza kuti pali mawu atsopano. Kansaluko m'makina ndi kachidutswa kamodzi kotchedwa FLG: purosesa imakaika pa 1, kapitawo akamaliza amakabweza pa 0. Lamulo ndi limodzi basi mpaka kansalu katsike. Bwana wopupuluma akafufuta bolodi kapitawo asanamalize, ntchito imasokonekera, ndipo vuto lake ndi lozunza chifukwa limabwera mwa apo ndi apo. Makina amayenda bwinobwino, tsiku lina n'kungoti zii, olemba pulogalamu n'kuyamba kunamizira waya.

Malamulowo ndi ochepa. Lina limasesa khomo ndi kukonza zonse ntchito isanayambe, lina limayambitsanso kutumiza. Koma pali awiri ofanana nkhope amene ine ndimawaona ngati mayeso a mmisiri weniweni. STOP TRANSMIT ali ngati kuuza anyamata kuti “siyani pomwepo”, belo lili pamapewa pakati pa chigafa ndi lole. Uthenga umaduka, wolandira amapeza theka. GRACEFUL STOP TRANSMIT amati “kwezani kaye limene mwanyamulalo, kenako mupume”. Loyambalo lili ndi nthawi yake, monga pamene mzere wasokonekeratu, koma pa sikelo theka la nambala n'loopsa kuposa kusowa nambala. Belo la makilogalamu 105 likafika ngati 10, pulogalamu yosasamala ilemba zomwezo, ndipo wolira ndi mlimi.

Inu achinyamata amene mwayamba kusewera ndi Arduino, chipi yanu ilibe kapitawo wotere, koma ili ndi kachidutswa kake kosonyeza kuti khomo latseguka. Musanatumize chilembo china, yambani mwakayang'ana.