Kompresa yakale ndi pampu ya njinga yomwe inakula

Pamalo ambiri okonzera matayala, kaya ku Ndirande kaya ku Mchesi, pamakhala kompresa yomwe utoto wake unasuluka kalekale, koma ikagunda imamveka mpaka tsidya la msewu. Ena mwa makinawa anapangidwa eni ake asanabadwe. Kampani ya Ingersoll Rand ya ku America inayamba kupanga mtundu wa Type 30 m'chaka cha 1929, ndipo zipangizo zake zikugulitsidwabe mpaka lero. Ngati nanunso muli nayo yakale, yosiyiridwa ndi bambo kapena yogula kwa wina, musaiope. Aliyense amene anapopapo njinga akudziwa kale mmene imagwirira ntchito.

Taganizani za pampu ija. Mukakoka ndodo, mpweya umalowa. Mukakankha, kachikopa kam'kati kamaupanikiza n'kuulowetsa m'chubu, ndipo valavu imautsekera kuti usabwerere. Kompresa imachita zomwezo. M'malo mwa mkono wanu pali mota ndi lamba, m'malo mwa kachikopa pali pisitoni, m'malo mwa chubu pali thanki yachitsulo. Kungoti iyo imapopa maulendo mazanamazana pa mphindi imodzi, ndipo mpweya ukakwana, switchi imazimitsa mota yokha. Makina ambiri ang'onoang'ono amaima cha m'ma 8 bar, pomwe tayala la galimoto yaing'ono limangofuna cha m'ma 2 bar.

Mukapopa njinga kwa kanthawi n'kukhudza kumunsi kwa pampu, mumamva kutentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha basi. N'chifukwa chake mutu wa kompresa uli ndi tinthiti tachitsulo, ndipo gudumu lalikulu lomwe lamba amazunguza lili ndi mapiko okupizira mphepo. Musaikanikize kukhoma, ndipo muzipukuta fumbi ndi mafuta okakamira pa tinthitito, chifukwa zimatsekereza kutentha m'kati.

Kutenthako n'kumene kumabweretsa mdani wamkulu wa kompresa, yemwe ndi madzi. Mpweya uliwonse uli ndi chinyezi. Ukalowa m'thanki uli wotentha n'kuzizira, chinyezicho chimasanduka madzi ndipo amadikha pansi. Apa njinga ndi kompresa zasiyana njira. Chubu ndi cha rabala, sichichita dzimbiri, koma thanki imadyeka kuyambira m'kati, komwe diso silifika, kunjaku utoto ukuoneka bwinobwino. Dziwaninso kuti pa 8 bar, kamalo kofanana ndi chikhatho chanu, masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, kamakankhidwa ndi mphamvu yofika makilogalamu pafupifupi 800. Amenewo ndi matumba 16 a makilogalamu 50. Chubu chikaphulika mumangodzidzimuka, thanki ikaphulika imapha anthu.

Choncho poweruka tsiku lililonse, zimitsani makina, phwetsani mpweya kuti utsale pang'ono, ndipo tsegulani pang'onopang'ono kampopi kali kunsi kwa thanki. Ikanipo kachitini kuti muone zomwe zikutuluka. Madzi oyera kapena otuwirako si vuto. Akamatuluka ofiira, ali ndi timapalepale tadzimbiri tomveka m'zala, thankiyo ikukuuzani kuti yayamba kutha. M'miyezi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, madziwa amachuluka, ndiye ngati ntchito ndi yambiri tsegulaninso masana.

Mverani izi, m'bale wanga. Chubu chikabooka timamata chigamba, koma thanki yobooka sitiwotcherera. Kabowo kamodzi kakaonekera, ndiye kuti chitsulo chonse chozungulira chapyapyala kale, ndipo moto wowotcherera umangochifooketsa. Thanki yokayikitsa amaiyesa akatswiri poidzaza madzi n'kuwapanikiza, chifukwa madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye ikang'ambika imangodontha. Ikalephera, gulani ina n'kusamutsirapo mutu ndi mota. Pathanki palinso valavu yotetezera yokhala ndi kamphete. Muzikoka kampheteko kamodzikamodzi kuti mutsimikize kuti siinagwirane, ndipo musaimange ndi waya ngakhale itamafwenkha. Mlingo womwe thanki ingapirire unalembedwa pa kachitsulo komwe anakhomera pambali pake. Musaupitirire.

Akuluakulu ankadonthezera mafuta pa kachikopa ka pampu kuti kasaume. Pisitoni nayo imafuna oyilo. Musanayatse, yang'anani pagalasi kapena pa kandodo koyezera. Gwiritsani ntchito oyilo wa kompresa weniweni, chifukwa wa injini ya galimoto ali ndi mankhwala omwe amasiya mwaye pa mavalavu akatentha. Opanga ambiri amati asinthidwe pakatha maola pafupifupi 500. Mukamuona wasanduka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, musinthiretu osadikira.

Pakamwa pa makina pali sefa. M'chilimwe, fumbi la mu Okutobala likamauluka, itsukeni kapena igwedezeni sabata iliyonse, ndipo ikang'ambika gulani ina. Mchenga ukalowa umapala silinda mpaka kompresa kuyamba kulavulira oyilo m'paipi, ndipo wopopera utoto amaona ntchito yake itatuluka timaso. Lamba naye muzimudina ndi chala chachikulu pakatikati. Atsike pafupifupi sentimita imodzi. Wokhwefuka amaterereka n'kulira, wokungika kwambiri amadya mabeyaring'i. Chotchinga chake chizikhalapo nthawi zonse, makamaka poti ana amakonda kusuzumira.

Mukamafuna pomwe chubu chabooka, mumachiviika m'beseni n'kuyang'ana thovu. Apanso pakani madzi a sopo molumikizira mapaipi monse. Pomwe patupe thovu, pamenepo ndiye pakuthera magetsi anu, chifukwa mota imangodzukadzuka kubwezera mpweya wotayika. Ikamazima mumamva "tsiii" kamodzi, kenako zii. Zimenezo n'zabwino, ikupepula mutu kuti idzadzuke mosavuta. Koma kufwenkhako kukapitirira, valavu yotsekera mpweya m'thanki yatopa, ndipo nthawi zambiri kuitsuka kapena kusintha karabala kake kumakwanira.

Magetsi akabwera ofooka, mota n'kumang'ung'uza osazungulira, zimitsani msanga isanapse. Waya wautali wowonda amachitanso zomwezo, ndiye kuli bwino kutalikitsa paipi ya mpweya kusiyana ndi waya. Ndipo musanagwire sipanala, zulani pulagi ndi kuphwetsa thanki mpaka geji ifike pa 0, chifukwa switchi ija imatha kuyatsa mota yokha dzanja lanu lili pa lamba.

Mutu wachitsulo wa kompresa yakale ukatopa umakonzeka: maring'i, mavalavu ndi magasiketi amasinthidwa, makina n'kubwerera mwakale. Thanki yodyeka ndiyo ilibe mankhwala. Chonde, musatseke chitseko madzulo ano musanatsegule kampopi kakunsi kaja.