Kuchokera ku Chitsamba Kufika ku Chipatala

Mayi wa ku Nsaru akalandira mapiritsi a LA a mwana wake wodwala malungo, kawirikawiri sadziwa kuti gwero la mankhwalawo ndi chitsamba. Mu 1972 Tu Youyou wa ku China anapatula artemisinin m'masamba a Artemisia annua, ndipo dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito LA mu 2007.

Imeneyi ndiyo ntchito imene ophunzira ena a digiri yachiwiri ya kemisitiri amasankha. Amafunsira nzeru kwa asing'anga, natenga mizu ndi makungwa, kuziyanika, kuzipera ndi kuzisungunula, kufikira atapeza chinthu chenicheni chimene chimapha tizilombo. Kenaka amafufuza muyeso wake, pakuti mankhwala akapyola muyeso amasanduka poizoni.

M'zaka za m'ma 1980, Dr Jerome Msonthi wa ku Chancellor College, mogwirizana ndi akatswiri a ku Switzerland, anapeza zomera za kuno zimene zimapha nkhono zofalitsa likodzo.

Komatu ku Kabudula ndi ku Nambuma mitengo yachilengedwe ikunka nitha chifukwa cha nkhuni, makala ndi zigafa za fodya. Mtengo ukatheratu usanayesedwe, mankhwala ake apita nawo, ndipo palibe wophunzira amene angawabweze.