Sultan wabwino ndi uti?

Poyesa mafumu 36 a ufumu wa Ottoman, ambiri amaika Suleiman (1520–1566) pamwamba: anakonza malamulo, nafutukula malire mpaka ku Hungary. Koma yemweyo analamula kuti mwana wake Mustafa anyongedwe mu 1553. Pansi amaika Ibrahim, wotchedwa wamisala, osaganizira kuti anakulira m'chipinda chotsekera, akudikira kuphedwa ngati abale ake.

Ife Aadventisti timakumbukira kwambiri 1840, chaka chomwe Josiah Litch, atawerenga Chivumbulutso 9, anati mphamvu za ufumuwo zidzatha. Pampando panali Abdülmecid, mnyamata wa zaka 17. Lamulo lake la 1839 linalonjeza kuteteza moyo ndi katundu wa Msilamu ndi Mkhristu mofanana, komabe dzina lake ambirife sitilidziwa n'komwe.