Chifukwa chake sinditumiza mapiritsi a mafuta a m'magazi pa basi ya ku Joni

Zopempha za kumudzi zasintha. Kale ife a ku Joni tinkapemphedwa bulangete, foni ndi njinga. Masiku ano pa WhatsApp pamabwera chithunzi cha kabokosi ka mankhwala, pansi pake pali mawu akuti, "Atsibweni, mutigulireko awa, akuti amasungunula mafuta m'magazi." Uthenga wotere wandipeza kuchokera ku Mponela, winanso ku Malomo. Ndimakana, ndipo si kuumira ayi.

Mankhwalawa onse pamodzi amatchedwa ma statin. Odziwika kuno ndi simvastatin ndi atorvastatin. Sasungunula kanthu. Mafuta amene akunenawo ndi cholesterol. Cholesterol wambiri amene ali m'magazi mwathu amapangidwa ndi chiwindi, ndipo piritsi limachepetsa liwiro la chiwindicho. Mtundu woopsa, wotchedwa LDL, ukachuluka umamatirira m'mitsempha pang'onopang'ono kwa zaka, osapweteka, mpaka tsiku lina mtsempha wa kumtima kapena wa ku ubongo watsekeka: munthu wagwa m'munda, kamwa lapotoka, dzanja lafa. Woonda nayenso angakhale nawo wochuluka, chifukwa kwa ena n'zakumtundu.

Kuti ma statin amathandiza, palibe mtsutso. Wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, anapeza statin woyamba mu nkhungu m'zaka za m'ma 1970. Mu 1994 kafukufuku wa ku Scandinavia, wa odwala mtima 4,444, anasonyeza kuti simvastatin amachepetsa imfa ndi pafupifupi 30 pa 100 alionse. Nkhani yanga si ya mphamvu ya piritsi. Ndi ya zimene zimalizungulira lisanafike m'dzanja la wodwala.

Kuno ku South Africa statin sungagule ngati panado. Ali m'gulu la Schedule 4, kutanthauza kuti popanda chikalata cha dokotala kapena namwino wovomerezeka, wa ku famase sakupatsa. Pa kiliniki ya boma amayamba ndi mafunso: zaka zako, ngati umasuta, ngati uli ndi shuga, ngati unadwalapo mtima kapena sitiroko. Amayeza BP, amatenga magazi kupita nawo ku labotale ya boma, National Health Laboratory Service. Cholesterol yense akapitirira 5 amati wakwera, koma nambala yokhayo siikupatsa piritsi. Amawerengera chiopsezo chako chodwala mtima pa zaka 10 zikubwerazo. Mnyamata wosasuta angauzidwe kuti achepetse zakudya zonona monga kota ndi boerewors, adzabwerenso. Bambo amene anagwapo ndi sitiroko amayamba kumwa ngakhale nambala yake ili pabwino.

Ukakhazikika pa mankhwala amakulowetsa m'dongosolo la CCMDD, lomwe linayamba mu 2014. Chikalata chimodzi chimagwira miyezi 6. Mankhwala amapakidwa ndi dzina lako, foni imalira, ukakatenga pafupi ndi kwanu, mwina ku Clicks kapena ku Dis-Chem, osalipira. Malo ena kuli makabati a Pelebox, amene anapanga Neo Hutiri: umalemba nambala yachinsinsi yobwera pa SMS, kachitseko n'kutseguka. Miyezi ija ikatha uyenera kubwerera kwa namwino. Sindikunena kuti n'kumwamba. Mizere ndi yaitali, ndipo mu 2025 a Operation Dudula ankaima pa zipata za makiliniki kubweza alendo, ngakhale Gawo 27 la malamulo aakulu a dzikoli limati chithandizo cha zaumoyo ndi ufulu wa aliyense. Koma amene walowa amafunsidwa funso limene kondakitala wa basi sangafunse: "Mukumwanso mankhwala anji?"

Funso limeneli ndilo nkhani yonse. Simvastatin amachotsedwa m'thupi ndi chiwindi, ndipo pali mankhwala ena amene amatseka njira yomweyo. Akakumana, statin amadzadza m'magazi ngati madzi pa mlatho wotsekeka ndi zinyalala, n'kuyamba kuwononga minofu. Oopsa kwambiri kwa ife ndi ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir ndi lopinavir, amene ena amapatsidwa oyamba akasiya kugwira. Amenewa ndi simvastatin saphatikizidwa m'pang'ono pomwe. Madokotala amasinthira ku atorvastatin wochepa mphamvu. Ma ARV a dolutegravir, omwe ambiri kumudzi akumwa tsopano, alibe vuto limeneli. Tsono taganizani: ine ndili ku Johannesburg, ndingadziwe bwanji mtundu wa ma ARV amene mlamu wanga akumwa ku Nambuma, mwinanso sanandiuzepo n'komwe kuti amamwa?

Palinso ena. Erythromycin ndi clarithromycin amachita chimodzimodzi. Amlodipine, piritsi la BP lofala kwambiri, limafuna kuti simvastatin asapitirire 20 mg. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafooketsa statin. Manyumwa ndi madzi ake n'zoletsedwa kwa womwa simvastatin. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa samwa. Amene chiwindi chake chatopa ndi kachasu ayenera kuyezedwa kaye.

Ambiri amamwa zaka ndi zaka osamva kanthu. Ena amamva kuphwanya m'ntchafu ndi m'mapewa, ndipo nthawi zambiri kusintha mtundu kapena mlingo kumathetsa. Koma minofu ikapweteka kwambiri, mphamvu n'kutha, mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, siyani kumwa ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa impso zili pangozi. Simvastatin amamwedwa madzulo, poti chiwindi chimapanga cholesterol wambiri usiku; atorvastatin amakhalitsa m'thupi, nthawi ili yonse ndi yabwino bola ikhale imodzimodzi. Ndipo si mankhwala a malungo oti masiku atatu mwamaliza. Mukasiya, pakapita milungu ingapo cholesterol wabwerera pomwe anali. Bokosi limodzi la pa basi limagula mwezi umodzi basi.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti zakudya zimene anamwino a kuno amatilangiza n'zomwe tinazisiya kumapiri kwathu: nyemba, soya, nkhwani wotendera, mtedza, usipa, mgaiwa. Vuto kumudzi lili pa chiwaya cha pa msika, mafuta obwerezabwereza, nyama ya nkhumba yonona, mchere ndi fodya.

Ndiye amene mwauzidwa kuti mafuta akwera, kapena amene muli ndi shuga ndi BP, ndalama ya ulendo ndi yoyezetsera magazi ndidzatumiza. Pitani ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, kapena cha mishoni ku Madisi. Akaona kuti pakufunika kuyeza kwina akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala ndi mabotolo onse a mankhwala amene mukumwa, a zitsamba omwe. Adokotala akalemba dzina ndi mlingo, ndipo mankhwalawo akasowa pa chipatala, pamenepo tidzakambirana zokagula ku famase ya ku Lilongwe ndi chikalata chawocho.