Mphika Wodzalamo Mtengo Ufuna Chibowo

Amayi a m'boma la Mwanza adziwa kuumba mbiya yosadontha. Koma mphika wodzalamo mtengo ufuna nzeru ina: uyenera kutaya madzi.

Ku Japan anthu alera mitengo m'miphika yosaya, naitcha bonsai. Amadulira nthambi ndi mizu, kotero kuti mtengo ukalamba uli waufupi, wina wosafika ndi m'bondo momwe. Mzinda wa Tokoname watchuka ndi miphika yotere.

Woumba wa ku Thambani kapena ku Kunenekude angathe kuuumba ndi mtapo wakwawo. Asinje mapale akale ndi kusakaniza ndi mtapowo, kuti mphika usang'aluke pamoto. Auumbe wotakata, wosaya, wa timiyendo tinayi. Dothi lisanaume, aboole pansi chibowo cholowa chala chachikulu. Popanda chibowocho madzi adikha, mizu nivunda, ndipo mbande ya nachesi imene munthu anavutika nayo ifa. M'kati asakulungizemo, pakuti mizu igwira bwino pokhakhala.

Mphikawo uume pamthunzi, osati padzuwa, ndipo auotche ndi makungwa ambiri. Wopsa bwino ulira ngati belu pougogoda. Wosapsa ufumbutuka msanga ndi madzi othirira tsiku ndi tsiku.