Nyimbo zimene ndimakonda zidayambira pamtondo

Tsiku lina tikuweruka pasukulu yasekondale yoyendera imene ndimaphunzitsa kuno ku Ntchisi, ndidapeza anyamata atatu a fomu 3 ataunjikana pansi pa mtengo wa mango, makutu onse ali pa foni imodzi. Ndidapita ndi cholinga chokalanda foniyo poti malamulo a sukulu salola, koma nditayandikira ndidamva mawu a Giddes Chalamanda akuyimba Linny Hoo.

"Aphunzitsi, iyi ndi yathu ya achinyamata, inu simungaidziwe," adatero mmodzi.

Ndidaseka. Gogo wa ku Chiradzulu ameneyu ali ndi zaka zoposa 90, ndipo adayamba kuyimba makolo a anyamatawa asadabadwe. Iwo adamudziwa Patience Namadingo atayimba naye mu 2020, nyimboyo n'kufalikira pa TikTok mpaka kunja. Foni sindidalande. Koma mmodzi adandifunsa kuti, "Nanga inuyo mumakonda nyimbo zanji?" Ndidayankha zongowachotsa, funso lenilenilo ndidapita nalo kunyumba.

Ndikanena zoona, nyimbo zoyamba kundilowa mumtima sizidachokere pa wailesi. Ndidakulira ku Thyolo kwa agogo anga aakazi, ndipo m'mawa uliwonse chimene chinkandidzutsa ndi kugunda kwa minsi. Agogo ndi azakhali ankakonola chimanga mumtondo umodzi, wina akamakweza munsi wina akutsitsa, nyimbo n'kumayenda pakati pa kugundako. Ndili mwana ndinkangomva kukoma kwake. Nditakula m'pamene ndidazindikira kuti pamtondo padali pabwalo la milandu la amayi. Mwamuna womwera ndalama za nandolo, apongozi olongolola, mkazi mnzawo wa pamitala, onsewa ankadzudzulidwa m'nyimbo. Wonenedwayo ankamva ali khale pakhonde koma sakadayankha, chifukwa palibe amene amazenga mlandu nyimbo.

Wachiwiri pamtima panga ndi malemu Allan Namoko, wa kwathu ku Thyolo komweko, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band. Bambo anga adali ndi kawailesi kamene mabatire ake tinkawayanika padzuwa kuti apezeko mphamvu, ndipo Namoko akayamba pa MBC aliyense ankakhala chete. Munthuyu adali ndi vuto losaona, zida zake zidali banjo ndi ng'oma wamba, koma nyimbo ngati Lameki ndi Ana Osiidwa zinkafika pamene mlaliki sakadafika. Adamwalira mu 1995 ine ndili wamng'ono kwambiri, komabe mpaka lero ndikamva banjo yake ndimaona minda ya tiyi ndi utsi wa m'khitchini mwa agogo.

Pali chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Nditapita kukoleji kukachita dipuloma, anzanga adapeza nyimbo za Namoko m'foni mwanga ndipo adandiseka kuti ndine wakumudzi. Usiku womwewo ndidazifufuta zonse n'kuikamo za ku America zimene ngakhale mawu ake sindinkawamva bwino. Zaka zitatu ndidakhala ndikugwedeza mutu ku nyimbo zosandikhudza, pofuna kuoneka wozindikira. Nditayamba ntchito, malipiro oyamba ndidapita kwa anyamata obena nyimbo pamsika kukabwezeretsa zonse zija.

Pa nyimbo zamakono, mtima wanga uli ku Chileka ndi ku Balaka. Chileka ndi kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba komanso Robert Fumulani, ndipo n'komwe kudachokera Evison Matafale ndi Black Missionaries. Matafale atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001 ndidali kupulaimale. Ndimakumbuka achimwene anga akubwereza kaseti ya Kuimba 1 tsiku lonse osalankhula ndi munthu, mpaka mabatire adatha. Ku Balaka kudatipatsa Alleluya Band, Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius. Chimbale cha Lucius cha Son of a Poor Man chidatuluka nthawi imene dziko linkachoka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo anthu adamutcha Soja chifukwa ankayankhulira amphawi. Uthenga wa imfa yake pa 30 June 2024 udandipeza ndikuchonga mayeso, ndipo tsikulo ntchito idathera pomwepo.

Nditaziika pamodzi nyimbo zonsezi ndidaona kuti n'zapachibale. Chimene agogo ankachita pamtondo ndi chomwecho chimene Namoko ankachita ndi banjo, Matafale ndi Lucius n'kudzachichita ndi magitala amagetsi: kunena chimene chikuwawa, pamaso pa amene akuchititsa, m'njira yoti ngakhale iyeyo avine. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankadzudzula mwamuna mmodzi pomwe enawa ankadzudzula olamula dziko.

Musandiyese munthu wodana ndi zatsopano. Paukwati akaika amapiano a ku South Africa ndimavina mpaka thukuta, ndipo nyimbo za Eli Njuchi ndi Driemo zimene ophunzira anga amakonda zina ndimaziyimbira ndikamachapa. Kuno ku Ntchisi ndaphunziranso kukonda mganda, ndi kulira kwa mabadza ake, komanso chimtali cha amayi, magule amene kwathu sitinkavina. Khutu la munthu ndi lalikulu, limalandira zambiri.

Nkhawa yanga ili pena. Nyimbo za Namoko ndidazifufuta koma ndidakazipezanso pamsika, chifukwa zidajambulidwa. Za agogo anga sizidajambulidwe ndi aliyense. Atamwalira zaka zinayi zapitazo, usiku wa pamaliro ndidapempha mayi ndi azakhali kuti andiyimbire nyimbo ina imene agogo ankaikonda pokonola. Adayamba bwinobwino, koma atafika pakati adayang'anizana. Aliyense ankakumbuka poyankhira pokha, mawu otsogolera adapita ndi mwini wake. Ndidali ndi foni yojambula mawu kwa zaka zambiri, ndipo ndinkapita kumudzi tchuthi chilichonse, koma sindidaganizepo zowajambula.

Sindikunena kuti amayi abwerere kumtondo ayi. Chigayo chidawapumulitsa ku ntchito yothyola msana, ndipo amene amalakalaka mtondo nthawi zambiri ndi amene sadagwirepo munsi. Koma tivomereze kuti ntchito ija itachoka, nyimbo zake zidasowa pokhala.

Teremu yapitayi ndidapatsa ophunzira anga a Chichewa ntchito yoti aliyense akapeze nyimbo imodzi kwa munthu wachikulire wa m'mudzi mwawo, ailembe, afunsenso kuti inkayimbidwa nthawi yanji ndipo chifukwa chiyani. Ena adabwera chimanjamanja, ati agogo awo adawauza kuti zimenezo n'zachikunja. Koma ambiri adabweretsa: zapamtondo, zotonthozera mwana, zam'nthano, zapadima polima. Mtsikana wina adabweretsa ya mayi wodandaula mwamuna amene adapita ku Joni osatumiza ngakhale bulangete. Kalasi lonse silinkadziwa Wenela, choncho phunziro la Chichewa lidasanduka la mbiri. Ndidawafotokozera za abambo ambirimbiri amene ankapita kumigodi ya ku South Africa, mpaka Kamuzu adaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi amene ankabwerera kwawo. Mtsikanayo adati akafunsanso agogo akewo ngati mwamuna wa m'nyimboyo adali agogo ake aamuna.

Nyimbozo tazisunga m'kope lalikulu mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo zina tidazijambula pa foni yomwe ija ndidafuna kulanda. Anyamata atatu aja ndiwo adatsogolera ntchito yojambulayo.

Pempho langa kwa inu owerenga ndi laling'ono. Mukapita kumudzi mwezi uno, musangosiya shuga ndi sopo n'kubwerera. Khalani pamphasa, muwapemphe agogo akuyimbireni nyimbo imodzi ya pautsikana kapena paunyamata wawo, mutsegule foni ijambule, ndipo muwafunse kuti ankayimbira ndani. Ine ndidachedwa, ndipo ya agogo anga ndidatsala ndi poyankhira pokha.