Mphukira za Chotupa cha M'chiwindi

Mlimi aliyense wa fodya m'zigwa za Kasungu, kuyambira ku Santhe kufikira kwa Kaluluma, adziwa bwino lomwe kuti tsiku limene athena fodya wake wadziyambira ntchito ina, pakuti mbewu yodulidwa nsonga siigonja msanga, koma iponya mphukira m'khwapa mwa tsamba lililonse, ndipo akapanda kuzibudula kapena kuthira mankhwala oziletsa, thukuta lake lonse lithera m'mphukirazo. Nkhondo yomweyi, imene alimi athu aidziwa ndi manja, ndiyo imene madokotala akumenya ndi khansa ya m'chiwindi.

Chiwindi chimwa pa zitsime ziwiri: magazi ambiri, monga magawo atatu mwa anayi, adzera mumtsempha wochokera kumatumbo, ndipo otsalawo abwera ndi mtsempha wotsika kuchokera kumtima. Chodabwitsa nchakuti chotupa chikakula chidalira makamaka mtsempha wachiwiriwu. Pachifukwa ichi dokotala alowetsa kapaipi kowonda ngati luzi m'mphechepeche mwa wodwala, nakakwezera kufikira pakhomo penipeni pa chotupa, nathira mankhwala monga doxorubicin wosakaniza ndi mafuta a Lipiodol, kenaka natseka njirayo kuti chotupa chife ndi njala pamene chiwindi chili kumwabe pa chitsime chinacho. Njirayi itchedwa TACE, ndipo m'chaka cha 2002 madokotala a ku Barcelona ndi a ku Hong Kong anaonetsa kuti italikitsa moyo wa odwala osankhidwa bwino.

Koma madzi saiwala khwawa. Chotupa chikamanidwa mpweya chitulutsa mthenga wotchedwa VEGF, amene aitana mitsempha yatsopano kuti imere ndi kuchidyetsanso, ndipo zimenezi ndizo mphukira zake. Judah Folkman wa ku Boston analemba kale mu 1971 kuti chotupa sichingakule popanda kudzimangira mitsempha, ndipo mu 2007 mankhwala oletsa kumera kwa mitsempha otchedwa sorafenib analoledwa pa nthenda imeneyi. Funso linadza lokha: bwanji osathena ndi kuthira mankhwala a mphukira pamodzi?

Anayamba kuyesa pa nyama, pa akalulu obzalidwa chotupa chotchedwa VX2 m'chiwindi ndiponso pa makoswe, popeza mitsempha ya kalulu njotakasuka mokwanira kulandira kapaipi monga achitira pa munthu. M'mayeso ambiri, nyama zolandira njira ziwirizo pamodzi zinamera mitsempha yochepa, ndipo zotupa zao zinakula pang'onopang'ono kusiyana ndi zolandira njira imodzi.

Pano ndiyenera kuchenjeza owerenga, pakuti kalulu si munthu. Chiwindi cha kalulu woyesedwayo nchabwino ponse kupatula pa chotupa, pomwe cha munthu kawirikawiri chimakhala chitauma kale ndi zipsera za zaka zambiri, chosatha kupirira mankhwala aukali. Mayeso aakulu pa anthu, otchedwa SPACE ndi TACE-2, sanapeze phindu loonekera pophatikiza sorafenib ndi TACE. Chiyembekezo chinatsitsimuka mu 2024 ndi mayeso otchedwa EMERALD-1, pamene anaonjezera mankhwala ena, bevacizumab ndi durvalumab, pa TACE, nthenda niima kwa miyezi 15 m'malo mwa miyezi 8.

Tsono ife a kuno, amene odwala athu ambiri afika kuchipatala mimba itadzala kale madzi ndi maso atachita chikasu, pamene ngakhale TACE sangathandize, tikumbuke mau a akulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mizu yaikulu ya nthendayi pakati pathu ndi kachirombo ka Hepatitis B, mowa wopitirira muyeso, ndi aflatoxin, poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume, ndipo kachiromboko ndi chuku zikakumana m'thupi limodzi ngozi ichuluka koposa. Katemera wa Hepatitis B wakhala akuperekedwa kwa makanda m'Malawi kuyambira 2002. Amayi ndi abambo a ku Chamama, Mtunthama ndi Chulu, tengerani ana kusikelo kufikira katemera atatha, ndipo mtedza wofumbwa ndi wa chuku musausinje kukhala nsinjiro za pakhomo panu.